Ndinadikira Kuti Akweze Gitala

Kwathu ku Msoro munthu akafika pakhomo amati odi. Iwo anagogoda ndi thako la mfuti. Linali Lachisanu m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litangokwera pang'ono, amayi akusesa pabwalo. Chitseko chinali chotsegula kale. Anagogodabe.

Anali anayi. Atatu anavala yunifomu, mmodzi shati yoyera ndi magalasi akuda. Wa shati yoyerayo ndiye analankhula.

"Ndiwe wa makina?"

"Ndine."

"Atenge. Vala nsapato."

Amayi anafunsa kumene ankapita nane. Anawayankha mwaulemu ndithu. "Amama, musade nkhawa. Tifuna chabe atithandize mafunso awiri atatu. Madzulo abwera."

Amayi anandisungira ndiwo madzulo amenewo. Ndinabwera patapita zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, ndipo manda awo ndinawapeza atamera kale udzu.

Ndikulemba izi chifukwa chaka chino bandi imene ndinkaimbamo ng'oma yatulutsa chimbale chatsopano, choyamba patatha zaka zoposa makumi anayi. M'kabuku ka chimbale chathu chakale, chosindikizidwanso, analemba kuti ine ndinatopa ndi moyo wa m'tauni, ndinabwerera kumudzi kukalima thonje. Thonje ndalimadi. Koma si mmene ndinachokera mu bandi. Sukulu ndinalekezera Giredi 7, mawu ambiri ndilibe, koma zimene zinachitika ndikuzidziwa. Sinditchula dzina la munthu aliyense. Ndinazolowera.

Tinali asanu, ku Lusaka. Tinkaimba roko. Mabandi ena ankaimba nyimbo zazifupi zovinira. Zathu zinali zazitali, imodzi inkatha kudzaza mbali yonse ya chimbale, ikusintha mayendedwe kanayi kapena kasanu isanathe. Anthu ena ankatuluka m'holo kukagula mowa, n'kubwera, n'kutipeza tikadali pa nyimbo yomweyo. Mtsogoleri wathu anali wa gitala. Ndimutchula Wagitala.

Palibe mmodzi wa ife ankadziwa kulemba nyimbo papepala. Zonse zinkakhala m'mutu. Choncho tinali ndi lamulo limodzi: wa ng'oma saleka. Chingwe cha gitala chiduke, woimba aiwale mawu, botolo ligwere pasiteji, wa ng'oma amapitiriza mpaka mtsogoleri atakweza khosi la gitala m'mwamba. Akakweza, nyimbo yatha. Tsiku lina magetsi anazima pakati pa nyimbo. Magitala onse anafa, ogani inafa. Ine ndinaimba ndekha mpaka thukuta linadzaza nsapato, magetsi anabwera, anzanga analowa pamalo pake penipeni ngati tinapangana. Titatsika, Wagitala anandigwira paphewa nati, "Iwe ndiwe msana wa bandi ino." Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Mawu otero ndinkawasunga.

Chimbale choyamba chinayenda bwino. Chachiwiri tinafuna chikhale ndi nyimbo imodzi yaikulu ya mtsinje wa Luangwa, yazigawo zitatu. Nyimbo zambiri zimayenda zinayi zinayi. Iyi ndinaiyendetsa seveni seveni, monga tinkawerengera ife m'chingerezi. Zigawo ziwiri tinaziphunzira tonse. Chachitatu chinali chikadali m'mutu mwanga ndekha.

Wagitala anafuna nyimboyo iyambe ndi mtsinje weniweni. Anali ndi tepi rekoda yaikulu, yokoleka paphewa, imene anagula kwa mzungu wina amene ankachoka m'dziko. Anandipatsa ine, popeza ndine ndinali wa kuchigwa.

"Pita kwanu, undibweretsere mvuu," anatero. "Undibweretserenso lole ikuwoloka mlatho. Ndifuna kugunda kwa matayala kuja."

"Milatho akulondera asilikali masiku ano," ndinatero. Inali nthawi imene kutsidya kwa Zambezi kunali nkhondo, ndipo aliyense wonyamula kamera ankamuyang'ana kawiri.

Anaseka. "Ndani angamange munthu chifukwa cha mvuu, iwe?"

Lolemba chakumadzulo ndinajambula mvuu ku Nkwali, m'mphepete mwa Luangwa. Lachiwiri ndinatsikira pansi pa mlatho ndi maikolofoni m'manja, kudikira lole. Itabwera ndinawerenga kugunda kwa matayala mokweza, kuti ndione ngati kukugwirizana ndi seveni wanga. Kunagwirizana. Ndinakondwa. Munthu wina wa njinga anaima pamwamba, anandiyang'ana, anapita. Lachisanu anagogoda.

Anandisunga masiku awiri kuboma, kenako anandikweza lole kupita m'tauni. Chipinda chofunsiramo chinali ndi tebulo, mipando iwiri ndi ndowa. Wa shati yoyera uja anaika makina patebulo nawatsegula. Mvuu zinayamba kuseka m'chipindamo. Kapokola, wapolisi wa pakhomo, anaseka nawo, bwana wake anamuyang'ana, analeka. Kenako madzi. Kenako lole. Kenako mawu anga: wanu, thu, fili, mpaka seveni, n'kuyambiranso.

"Uwerenga chiyani apa?"

"Matayala, bwana. Ndi nyimbo."

"Malole a asilikali apita angati pamlatho paja?"

"Sindidziwa, bwana. Ndi nyimbo chabe."

"Imba."

Ndinaimba ndi zala patebulo. Anamvetsera, anayesa kugwedeza phazi, phazi linasochera.

"Iyi si nyimbo," anatero. "Nyimbo ya bwanji yosavinika? Manje kamba bwino. Wakutuma ndani?"

Funso limenelo anandifunsa masiku khumi ndi anayi.

Yankho linali lalifupi, ndipo linali pamlomo panga. Koma atate ake a Wagitala anachokera kutsidya kwa Zambezi komweko, ndipo mapepala ake sanali oongoka. Makina anagula kwa mzungu. Mkazi wake anali ndi pakati. Ndinaona kuti ine, mwana wa ku Msoro, akandimenya adzatopa. Iye akamugwira ndi zinthu zitatu zimenezo sadzaonekanso. Ndinati makina ndi anga, ndinagula ndekha, palibe wandituma.

Tsiku lachitatu anayamba ndi kumapazi. Mmodzi wamtali, wa kuchigawo china, amene chinyanja chake chinali cha pamsika, anati, "Wazolowera kumenya ng'oma iwe. Lero ng'oma ndiwe." Tsiku lachisanu ndi chimodzi anafunsa dzanja limene ndimadalira. Ndinanama, ndinati lamanzere. Anagwira ntchito pa lamanzere. Zala ziwiri sizipinda mpaka lero. Za ndowa ija sindilemba.

Tsiku lachisanu ndi chinayi wa shati yoyera analowa akumwetulira. "Tapita kwa anzako. Mkulu wanu akuti unachoka mu bandi mwezi wa Ogasiti. Makina sawadziwa. Ati unali munthu wosamveka kale."

Sindinakwiye. Ndinati mumtima, wachita bwino, akudziteteza kaye. Akonza mapepala ake, mkazi achira, kenako abwera ndi loya kapena ndi mkulu wa kampani ya zimbale, anene kuti ndinamutuma ndine, mvuuzo ndi za nyimbo. Ndinaona ngati magetsi azimanso. Ntchito yanga inali yosaleka.

Tsiku lakhumi ndi chinayi anandipatsa pepala losindikizidwa chidindo. Linati ndisungidwa pofuna kuteteza mtendere wa dziko. Silinanene mpaka liti. Khoti sindinalionepo.

Kundende anatipatula ife osungidwa ndi pepala, osatisakaniza ndi akuba. Akuba ankatimvera chisoni, chifukwa iwo ankadziwa tsiku lotuluka. Tinkagona pasimenti, bulangeti limodzi munthu aliyense, ndipo potembenuka tinkatembenuka tonse. Nyemba zinali ndi anankafumbwe. Tinkati ndiye nyama. M'mawa uliwonse ankatiwerenga titanjuta awiriawiri, ndipo akalakwitsa kuwerenga olakwa tinali ife.

Akatha kutiwerenga ndinkakhala pakona n'kuimba nyimbo ya Luangwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zigawo zonse zitatu. Zala zinali zotupa, choncho ndinkaimba ndi mano ndi zala za kumapazi. Ndinkaopa kuti ndikadumpha tsiku limodzi chigawo chachitatu chitayika, ndipo anzanga akadzanditenga ndidzakhala ndilibe chowapatsa. Sindinadumphe tsiku.

Pafupi nane pankagona mkulu wina wa tchalitchi chija chokana khadi la chipani. Anali atakhalamo kale chaka. Sankafunsa zambiri. Tsiku lina atandiona ndikugwedeza nsagwada anati, "Mwana wanga, umapemphera kwa ndani ndi mano?"

Ndinamuuza kuti ndi nyimbo. Ndinamuuzanso zina, koma dzina ayi.

"Amene ukumubisayo akudziwa kuti uli kuno?"

"Akudziwa."

"Anakutumizirapo sopo?"

"Sangathe. Angamugwire."

Mkuluyo anati, "Ine amene ndikumuvutikira ndimalankhula naye tsiku lililonse. Wakoyo sindimudziwa." Ndinamukwiyira sabata yathunthu.

M'mwezi wa Epulo, chaka choyamba, anandiitana kuofesi. Mlonda anawerenga pakapepala. "Amako anafa mwezi watha. Saina apa kuti wauzidwa." Ndinasaina. Ndinamva pambuyo pake kuti anapita kuboma katatu wapansi, atasenza ufa ndi nsinjiro, ndipo katatu konse anawauza kuti dzina lotero kulibe.

M'mwezi wa Juni, chaka chachiwiri, tikusenda chimanga pabwalo la ndende, mlonda wina anali ndi kawayilesi. Ndinamva gitala. Gitala imeneyo ndikanaizindikira ngakhale pakati pa mvula yamatalala. Inali nyimbo yatsopano, yaifupi, yovinira. Kumbuyo kunali ng'oma ya munthu wina, ikuyenda zinayi zinayi ngati bulu wa pangolo.

"Si anzako awa?" anatero mlonda. "Aimba bwino popanda iwe. Iyi ndiye yovinika." Anavina pang'ono, makiyi akulira m'chiuno.

Tsiku lotsatira, atatha kutiwerenga, ndinakhala pakona panga n'kuimba nyimbo ya Luangwa monga mwa masiku onse. Sindingafotokoze chifukwa chake. Gitala inali isanakwere.

Ananditulutsa Lachinayi lina m'mwezi wa Disembala, cha m'ma teni koloko, mvula ikuwaza. Panalibe chifukwa chimene ananena, monga panalibe pondigwira. Mkulu wa ndende anati, "Boma lakukhululukira. Usakabwerezenso." Anandibwezera lamba ndi nsapato. Ndinafunsa za tepi.

"Mvuu zinathawa," anatero wa pawindo. "Pita, mudala." Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo aka kanali koyamba kutchedwa mudala.

Ndinalembera Wagitala kalata imodzi. Sinayankhidwe. Patapita zaka zochepa ndinamva kuti bandi yatha, anthu anali atayamba kuvina disiko. Wa gitala ya besi anamwalira, woimba mawu anamwalira, ndi matenda aja anatha anzathu ambiri. Ine ndinalima thonje.

Kumudzi munthu amene boma lamusunga zaka ziwiri sangakhale wosalakwa. Anthu ankati utsi sufuka popanda moto. Dzina langa linakhala Kazitape. Sankalitchula pamaso panga, koma linkafika. Ndinakwatira mkazi wa banja lina lotsika kumtunda, ndinamuuza zonse, anandikhulupirira mpaka tsiku limene anamwalira. Koma chikhulupiriro cha mkazi wako sichitsuka dzina pamsika wa thonje. Ku mishoni posankha akulu a mpingo dzina langa linatchulidwa kawiri, ndipo kawiri konse wina anatsokomola nati, "Aja a mlatho?" Mwana wanga wamkazi anabwerako kusukulu tsiku lina diresi litang'ambika, atamenyana ndi amene anamutcha mwana wa kazitape. Lero ndi mphunzitsi. Ndiye akundikonzera zilembo m'kope lino.

Chaka chatha mu Ogasiti galimoto ya ku kampu ya alendo, ija yopanda denga, inaima pakhomo panga masana. Anatsika atatu. Mzungu wa ndevu zaimvi. Mkulu wovala kolala ya ubusa, akumugwira dzanja chifukwa maso anali atafooka. Ameneyo anali wa ogani wathu. Wachitatu anali ndi chipewa chachikopa ndi ndodo yosema. Iye anati odi.

"Mwaswera bwanji, mudala?"

"Ndaswera. Kaya inu."

"Simukundidziwa?"

"Ndikukudziwa. Wachedwa."

Ndinawapatsa mipando, chifukwa mlendo ndi mlendo. Wagitala analankhula nthawi yaitali. Anati azungu a kutsidya kwa nyanja anapeza chimbale chathu choyamba m'mabokosi a zakale, anachikonda, anachisindikizanso. Anati iye ndi wa ogani akwera ndege, aimba m'mayiko ozizira, ana aang'ono atsitsi lachikasu akuimba nawo mawu a chinyanja osawamva. Tsopano mzungu wa ndevuyu akufuna chimbale chatsopano, ndipo pakati pake pakhale nyimbo ya Luangwa.

"Tayesa anyamata atatu a ng'oma, ophunzira kukoleji," anatero. "Zigawo ziwiri akwanitsa. Chachitatu palibe achidziwa. Iwe ukuchikumbukira?"

"Ndikuchikumbukira."

"Zaka zonsezi?" Anatembenukira kwa mzungu akuseka. "Ndinakuuzani. Msana wa bandi."

Anandipatsa chimbale chakale chosindikizidwanso. Mwana wanga anali pakhomo tsiku limenelo, masukulu atatsekera. Anatsegula kabuku kake, anawerenga chingerezicho, nkhope inasintha.

"Atate, apa alemba kuti munatopa ndi tauni, munasankha thonje."

Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Analemba ndi azungu zimenezo," anatero Wagitala.

"Anawauza ndani?"

"Za kale izo, mudala. Tinali ana. Nthawi ija inali yoipa kwa tonse."

"Kwa tonse," ndinatero. Ndinaika dzanja lamanzere pabondo kuti alione. Analiyang'ana, kenako anayang'ana nkhuku ija.

Anayamba kutchula zabwino zimene chimbale chingandibweretsere. Ndinamudula. Ndinati chigawo chachitatu ndimupatsa, koma pa chinthu chimodzi. Anene pamakina, ndi pakamwa pake, m'chinyanja chimene anthu a ku Msoro amamva: ndinamutuma ndine, sanali kazitape. Mawuwo akhale m'nyimbo momwemo, pamene lole yatha kuwoloka.

"Ndinali ndi mantha, mudala," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinakutchule."

Wa ogani anamenya phazi pansi. "Nena, iwe. Tatsala atatu, ndipo tonse tili pamzere. Ufuna ukanene kuti?"

Wagitala anavula chipewa. "Mawuwo adzakhala m'nyimbo. Ndalumbira."

Tinajambula ku Nkwali, pa kampu ina, m'chisakasa chodyeramo alendo. Tinkayamba m'mawa alendo akapita kukaona nyama. Mzungu uja anaimika maikolofoni yaubweya m'mphepete mwa mtsinje n'kujambula mvuu mmene anafunira. Anapita pamlatho, anajambula lole, alonda a pageti la paki ya nyama anamuthandiza kunyamula mawaya. Ndinaonerera.

Kamtengo koimbira ng'oma sikankakhala m'dzanja lamanzere. Ndinadula mphira wa chubu cha njinga n'kukamangirira kudzanja. Mzungu anafuna kujambula chithunzi cha dzanjalo. Ndinakana.

Masiku anayi ndinawaphunzitsa chigawo chachitatu. Tsiku lachisanu tinaimba nyimbo yonse kamodzi, osaima. Mvuu zinaseka m'zomvera za m'makutu, lole inawoloka, ndipo Wagitala anayandikira maikolofoni. Mawu ake anamveka bwino. "Ndinamutuma ndine. Sanali kazitape. Ndinamukana." Lomalizalo anawonjezera yekha. Ndinalowa ndi seveni wanga. Ogani inalowa. Atsikana operekera zakudya anaima ndi mbale m'manja. Tinafika kumapeto, anakweza khosi la gitala, ndinaleka.

Ndinapita kukayang'ana mtsinje kwa kanthawi.

Kumudzi ndinauza anthu. Kumeneko ndiye kulakwa kwanga. Munthu amene wakhala chete zaka makumi anayi akanatha kudikira miyezi ina isanu ndi inayi. Koma ndinauza akulu a mpingo, ndinauza a pamsika, ndinati chimbale chikubwera, mudzamve nokha.

Chinafika mwezi wa Meyi chaka chino. Mwana wanga anabwereka sipika kusukulu. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinaitana anthu pansi pa mtengo wa msikizi, ndipo anabwera ambiri, ena amene anatsokomola paja. Ndinavala jekete. Sindinachimvere ndekha poyamba, ndinafuna ndimve nawo limodzi.

Mvuu zinaseka, ana anaseka nawo. Madzi. Lole inawoloka. Ndinaimirira.

Mawu anabwera, a munthu ndithu, a Wagitala ndithu, koma ngati munthu akumeza mawu ake m'malo mowatulutsa. Sichinali chinyanja, sichinali chikunda cha kwathu, sichinali chingerezi. Kenako ng'oma yanga inalowa.

"Bwezera," ndinauza mwana wanga. Anabwezera. Chimodzimodzi.

"Akuti chiyani pamenepo?" anafunsa mkulu wina wa mpingo.

"Ndi malilime," wina anatero kumbuyo, ndipo anthu anaseka.

Anamvera mphindi zingapo mwaulemu, kenako anayamba kuchoka mmodzimmodzi, popeza nyimboyo ndi yaitali ndipo sivinika. Mkulu uja pochoka anandigwira mkono. "Ng'oma yokha mwaimba bwino, atate a aticha. Zinazo zisiyeni. Mulungu ndiye adziwa."

Mwana wanga anapita nacho kwa mphunzitsi mnzake wodziwa makompyuta. Anabwera Lachitatu. Anati mawu onse alimo, palibe limene anachotsa, koma anawatembenuza kuti aziyenda chammbuyo, kuyambira kumapeto. Mnzakeyo anawaongola. Anandimvetsera pafoni. Ndinamutuma ndine. Sanali kazitape. Ndinamukana.

Anayenda nayo foniyo kwa anthu angapo. Anamuuza kuti masiku ano foni imatha kumulankhulitsa munthu chilichonse, ngakhale wakufa. Ndinamuuza aleke.

Ndinamuimbira Wagitala. Anayankha mwansangala, kumbuyo kukumveka magalimoto.

"Mudala! Mwachimva? Kunja akuti ng'oma yanu ndiye mtima wa chimbale chonse."

"Mawu aja ali kuti?"

"Alimo, mudala. Ndinalumbira kuti adzakhala m'nyimbo, ndipo alimo. Kutembenuza kuja ndi luso, mabandi a mtundu wathu kunja amachita zimenezo kuyambira kale. Anthu okonda nyimbo amazifufuza okha."

"Ku Msoro afufuza ndi chiyani?"

Ndinamufunsanso.

"Anasankha ndani? Mzungu kapena iwe?"

Ndinamva akupuma. Kenako anati, "Ndili ndi adzukulu, mudala. Amandiona ngati munthu."

"Inenso ndili nawo."

Anati tidzakambirana bwino tikaonana. Anati mwezi wa Julayi kuli konsati yaikulu ku Lusaka yotsegulira chimbale, adzanditumizira galimoto, adzandiimika kutsogolo anthu andiombere m'manja. Anati nyimbo ya Luangwa singaimbike popanda ine, anyamata aja akusocherabe pa chigawo chachitatu ngakhale akumvera chimbale. Anati, "Usatisiye pakati pa nyimbo, iwe. Lamulo ulidziwa."

Ndinadula foni.

Galimoto inabweradi mu Julayi. Dalaivala anati odi, anadikira maola awiri, anamwa madzi, anabwerera yekha. Ine ndinali kumunda kuzula mapesi a thonje. Mphira uja ndinamangira mpini wa khasu umene unang'aluka, ndipo ukugwira bwino.

Anthu amafunsa kuti munthu amamva bwanji tsiku lotuluka m'ndende. Ine sindinamve kanthu. Ndinamva mvula ndi nsapato zothina. Tsopano ndikudziwa chifukwa chake. Geti anatsegula Lachinayi lija, koma ine ndinatuluka ndikuimbabe, maso ali pa khosi la gitala ya munthu wina. Ndinalima ndikuyang'ana kumeneko. Ndinaika mkazi wanga m'manda ndikuyang'ana kumeneko. Boma linandisunga zaka ziwiri ndi miyezi iwiri. Zotsalazo ndinadzisunga ndekha, ndi lamulo la anyamata asanu amene sankadziwa kulemba nyimbo papepala. Mkulu wa khadi uja anaona zimenezi m'sabata imodzi. Ine zanditengera moyo wonse, ndipo sindikunyadira.

Dzina langa ku Msoro silinayere. Mwina siliyera. Amene anatsokomola adzatsokomolanso pamaliro anga, ndipo sindidzawamva. Koma mawu atatu aja ndawalemba muno choongoka, kuyambira poyamba kupita kumapeto, ndi dzanja lamanja limene ndinalipulumutsa ndi bodza. Adzukulu anga amadziwa kuwerenga.

Anandifunsa dzina lake masiku khumi ndi anayi, sindinalitchule. Muno sindinalitchulenso. Nthawi ija ndinkamuteteza. Lero sindikumuteteza, dzinalo lili pachikuto cha chimbale m'zilembo zazikulu, ndipo m'kope langa mulibe malo ake.

Gitala akweze, asakweze. Ine ndaleka.